Makhonsolo Apeputse Msonkho wa Nyumba kwa Okalamba ndi Aulumali

Msonkho wa malo ndi nyumba, umene anthu a m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba amaudziwa kuti city rates, umawerengedwa potengera mtengo wa nyumba monga walembedwera m'kaundula wa khonsolo, kaundula amene amayenera kukonzedwanso pa zaka zisanu zilizonse. Njira imeneyi imayesa kulemera kwa makoma ndi malata, koma siifunsa ngati mwini wake ali ndi ndalama m'thumba, ndipo apa ndi pamene imapweteketsa okalamba ndi anthu aulumali.

Mphunzitsi wopuma ntchito amene anagula nyumba ku Nkolokosa kapena ku Area 18 zaka zambiri zapitazo amaoneka wolemera pa pepala, popeza mtengo wa malo m'tauni ukukwerabe, pamene penshoni yake inafota kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu 2023. Nyumba imene munthu amagonamo siimubweretsera lendi, siigula mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, ndiponso siilipira wosamalira munthu amene sangathe kuyenda yekha. Kuopseza munthu wotere kuti nyumba yake igulitsidwa chifukwa cha ngongole ya msonkho ndi nkhanza, ngakhale lamulo litaloleza.

Chitsanzo chili pafupi. Lamulo la msonkho wa malo la ku South Africa la 2004 limapatsa makhonsolo mphamvu yochotsera kapena kuchepetsera msonkho osauka ndi amene amadalira penshoni kapena thandizo la boma, ndipo mizinda ya Johannesburg ndi Cape Town imachitadi zimenezi poyang'ana zaka za munthu, ulumali wake ndi ndalama zimene amapeza. Ku British Columbia, m'dziko la Canada, okalamba ndi aulumali amaloledwa kuimika msonkho, kutanthauza kuti ngongoleyo imadikira kufikira nyumba itagulitsidwa kapena kusintha mwini.

Odandaula kuti makhonsolo alibe ndalama zowolera zinyalala ndi kukonza misewu akunena zoona, koma dzenje limeneli silingakwiriridwe ndi makobidi a agogo, pamene eni nyumba zamalonda ndiponso maofesi a boma lenilenilo amatchulidwa kawirikawiri pakati pa osalipira. Chofunika ndi kuika malire omveka bwino: chipeputso chikhale cha nyumba imodzi yokha imene mwini wake amakhalamo, chiperekedwe kwa amene amapeza zochepa, ndipo nkhalamba yokhala ndi mdadada wa nyumba za lendi ilipire monga wina aliyense.

Dziko limene linayamba Mtukula Pakhomo ku Mchinji mu 2006 linaphunzira kale kuzindikira mabanja ovutika. Aphungu a Nyumba ya Malamulo alembe chipeputsochi momveka m'lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, kuti wokalamba kapena waulumali azichilandira monga ufulu wake, mosadalira chifundo cha amene wamupeza pa ofesi ya khonsolo tsiku limenelo.