Chitseko cha rimoti ku Utale chisaiwale tcheni

Ndalama za ku Joni zasintha maonekedwe a midzi ya ku Balaka ndi Machinga. Mnyamata akagwira ntchito zaka zingapo ku Johannesburg kapena ku Cape Town amabwerera pulani ya nyumba ili kale m'mutu: golosale kumaso, galaja pambali, ndipo pakhomo chitseko chachitsulo chokulungika m'mwamba ngati mphasa, chimene ogulitsa amati roller shutter. Kumeneko ankachiona chikukwera chokha munthu akangodina rimoti. Akufuna chomwecho kwawo ku Utale.

Chikhumbocho n'chomveka, koma womanga ayambe wafunsa chimene akulipira. Chitseko chenichenicho, mapepala achitsulo olumikizana ndi tinjanji ta m'mbali, n'chimodzimodzi kaya chikwezedwa ndi manja mothandizidwa ndi sipuling'i, kaya ndi tcheni, kaya ndi mota. Chimene chimakweza mtengo ndi mota, kabokosi koilamulira ndi rimoti, ndipo zonsezi zimachokera kunja: ku China, ku South Africa, kapena ku makampani a ku Ulaya monga Somfy ya ku France. Zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anafunsa mtengo akukumba maziko anaupeza utasintha asanafike pokhoma malata.

Ndiye pali magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Aliyense akukumbukira kuthimathima kwa masiku amenewo. Mwini golosale amene chitseko chake chimadalira ESCOM yokha akhoza kuima panja m'mawa wonse, ogula akupita kwa mnzake wa loko wamba. Zoopsa kwambiri ndi za usiku: moto ukabuka m'nyumba mawaya amayamba kupsa, ndipo banja limene latsekeredwa ndi chitseko chamagetsi lilibe potulukira. N'chifukwa chake mota yopanda tcheni kapena chopukusira chamanja siyenera kulowa m'nyumba yogona anthu, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo chotani.

Kunena chilungamo, motayo sidya magetsi ambiri. Imafuna mawati mazana ochepa, ndipo imagwira ntchito kwa mphindi imodzi kapena kuchepera. Batire ndi inveta ya sola yaing'ono zimakwanira. Mdani wake ndi magetsi obwera mwamphamvu akathima, komanso mphenzi za m'dzinja, zimene zimapsereza kabokosi kaja.

Kakapsa, akonza ndani? Apa ndi pamene pabisala mtengo weniweni. Wowotcherera wa pa Balaka akhoza kuwongola njanji yopindika, kusintha loko, kumanga sipuling'i. Koma mota ikafa, nthawi zambiri mmisiri wake ndi zipangizo zake zimachokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 100, ndipo thiransipoti yake ndi ya mwini nyumba. Ngati ndi nyengo yamvula, mtsinje wa Rivirivi utadzaza, misewu yadothi ili matope okhaokha, kudikira kumatalika. Sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa pa Nkaya, pafupi pomwepa, kupita ku Nacala, koma palibe imene imatsitsa mota ya chitseko. M'chilimwe fumbi limadzaza m'tinjanji, chitseko n'kumalemera, mota n'kumatopa msanga.

Pali chinthu chimodzi chimene womanga nyumba yatsopano ali nacho, chomwe mwini nyumba yakale alibe: khoma silinathe. Chitseko chikakulungika chimafuna malo pamwamba pa khomo, masentimita 30 kapena kuposa pa khomo la golosale kapena galaja. Mmisiri auzidwe zimenezi asanathire konkire yapamwamba pa khomo. Aikiretu paipi yodutsa waya asanapake pulasitala, ndipo zipilala za m'mbali zikhale zolimba, zoongoka, zosaumiridwa simenti. Zonsezi mtengo wake ndi wochepa lero. Kudzagumula khoma lopenta kale n'kulipira kawiri.

Zoika zitseko zoterezi m'mawindo, phindu lilipo kumbali yolowera dzuwa, pakuti amene anakhalapo ku Utale mu Okutobala amadziwa mmene chipinda chimatenthera masana. Komabe khonde lalitali ndi mtengo wamthunzi zimagwira ntchito yomweyo popanda rimoti.

Kwa ambiri omanga ku Utale, chitseko cha sipuling'i kapena cha tcheni n'chokwanira, bola malo a mota asiyidwe. Amene khomo lake ndi lalikulu, lolemera, kapena amene m'nyumba mwake muli okalamba osatha kukweza chitsulo, agule mota, koma asapereke ndalama wogulitsa asanamuonetse mmene chitsekocho chimatsegukira magetsi atathima, ndiponso asanalembe papepala amene adzabwere kudzakonza.