Magulovu mwapachika, manja akadali anu

Achemwali, mu 2018 Anisha Basheel atagonjetsa Sam Smith mu raundi yoyamba ku London n'kutenga lamba wa Commonwealth, ambiri tinayamba kulota. Ngakhale kuno ku Dedza, atsikana ena ankalawirira m'chisanu chija kukathamanga m'mbali mwa M1, pobwera n'kumamenya thumba la mchenga lomangirira pamtengo.

Ambiri nkhonya zawo zinathera pathumba pomwepo. Kochi kunalibe, ya thiransipoti yopitira ku Lilongwe kunalibe. Ulesi ayi.

Chimatipweteka n'chakuti mtsikana akangosiya, anthu amakhala ngati amadikira: "Paja tinanena, nkhonya si za akazi. Basi kakwatiweni." Eti moyo wa mkazi uli ndi makomo awiri okha, lamba kapena banja? Ife tikukana.

Esther Phiri wa ku Zambia ankagulitsa ndiwo zamasamba ku Lusaka asanatchuke ndi nkhonya, ndipo tonse timaombera m'manja. Nanga wochoka kunkhonya n'kukaoda kachewere ku Bembeke, kapena kubwerera kusukulu, timusekeranji? Kudzuka 4 koloko, kupirira ululu, kuyang'ana munthu m'maso osaphethira, zonsezo amapita nazo.

Komanso tikumufuna ifeyo. Ana asukulu amene amadutsa m'nkhalango za paini poweruka akusowa wowaphunzitsa kudziteteza. Aphunzitsi aakulu, tibwerekeni kalasi imodzi Loweruka m'mawa. Wophunzitsa alipo kale m'mudzi mwanumo, thumba lija sanataye.