MPHOTHO YA TSIKU LIMODZI SIKULITSA KATSWIRI

Tikunenetsa poyera kuti makampani ndi mabungwe amene amangoonekera pa tsiku lopereka mphotho, atasenza zikwangwani zawo, sali abwenzi enieni a chitukuko. Ana a sukulu za ku Balaka pokonzekera mpikisano wa sayansi amasowa mawaya, mabatire, mabuku ndi ndalama zoyendera kudakali miyezi. Nanga abwenziwa amakhala ali kuti nthawi imeneyo?

Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene mu 2002 adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo, chuma chake chili zidutswa za njinga ndi buku la m'laibulale. Dziko lidamuombera m'manja ku Arusha mu 2007, thukuta atakhetsa kale yekha.

Balaka ali ndi thonje, laimu wa ku Chenkumbi, njanji ya pa Nkaya ndiponso miyala yamtengo wapatali ya ku Kangankunde. Onse odyerera chuma chimenechi ali ndi ngongole kwa ana athu. Tikalekerera, akatswiri a migodi adzachokera kunja, ana athu n'kumangosenza miyala.

Inu atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera, ndi inu ogwira ntchito m'Boma, gogodani pamakomo a makampaniwa lero lino. M'mera mpoyamba.