INJINI YOYENERA MSODZI WA PANYANJA YATHU

Anzanga ambiri pano pasukulu amayesa kuti injini zonse za maboti nzofanana. Iai, ziripo za mitundu iwiri, ndipo msodzi amene asankha molakwa ataya ndalama za usipa wa zaka zambiri.

Yoyamba ndiyo ya m'kati. Imeneyi imakhala pansi m'chombo nimwa dizilo, ndipo mphamvu yake imadzera pa shafiti, chitsulo chachitali chimene chimatulukira kumbuyo kukazunguza pulopela. Pokhota, chombo chimadalira chiwongolero chapadera. Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949 niyamba kuyenda panyanja yathu mu 1951, iri ndi injini za mtundu umenewu.

Yachiwiri ndiyo yopachika kumbuyo kwa boti, imene Ole Evinrude wa ku Milwaukee anayamba kugulitsa mu 1909. Injini, shafiti ndi pulopela ziri pamodzi. Ukaipotoza ndi dzanja, boti lakhota. Zambiri zimene asodzi athu amagula zimamwa petulo wosakaniza ndi oyilo.

Tsono ine nditi msodzi wa chilimira agule yopachika. Ena adzati, "Nanga ya dizilo si ndiyo imasunga mafuta nikhalitsa?" Zoonadi, pamenepo sinditsutsa. Koma taonani gombe lathu. Ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota ndi mchenga wokhawokha. Boti likafika kumtunda, msodzi angopendeketsa injini, pulopela natuluka m'madzi, anyamata nakokera boti pamchenga. Boti la shafiti mukalikoka chotero mwapinda chitsulo. Ngakhale Ilala m'malo ambiri imaima pakuya, anthu napita kumtunda ndi timaboti.

Chinanso, yopachika ikadwala mumaimasula ndi kupita nayo kwa makaniko, boti nkutsala likugwira nchito ndi nkhafi. Usiku mumaigoneka m'nyumba, kutali ndi akuba. Ya m'kati ikafa, chombo chonse chaima.

Komabe walira mvula walira matope. Petulo ngwokwera mtengo, ndipo pulagi ikanyowa kapena mafuta akatha pakati pa nyanja mwera ukuomba, injini isanduka katundu chabe. Chifukwa chake, anzanga a kunyanja, mukapita kutchuthi mukauze makolo kuti pogula injini asataye nkhafi. Boti lirilonse lizinyamula nkhafi ndi pulagi yapadera, pakuti nyanja siimva kupepesa.