Kalata Yotseguka kwa Pulezidenti Salva Kiir wa South Sudan

Olemekezeka a Pulezidenti,

Za pangano lomwe munasaina ndi a Riek Machar ku Addis Ababa pa 12 Sepitembala 2018 mukuzidziwa kuposa ine. Pa 22 Febuluwale 2020 linabala boma la mgwirizano: achiwiri kwa pulezidenti asanu, nduna 35, kenaka aphungu 550. Amene anatsogolera nkhondo anagawana mipando, magalimoto ndi asilikali owalondera. Tinati palibe kanthu, bola mfuti zikhale chete.

Nanga bwana, mphunzitsi wa ku Wau akumulipira ndani? Mu 2024 ogwira ntchito m'boma, ndi asilikali omwe, anatha miyezi yambirimbiri osalandira malipiro. Mudzati paipi ya mafuta inawonongeka ku Sudan mu Febuluwale chaka chimenecho. Inde, koma malipiro anayamba kuchedwa paipiyo ili bwinobwino. Maunduna munagawana ngati nyama ya pa ukwati, ndipo nduna iliyonse imaopa mwini chipani amene anaipatsa mpando, osati mayi amene wakhala pamzere kuchipatala kuyambira m'mamawa.

Mayiko othandiza si ana, amaona. N'chifukwa chake ndalama zawo amazilambalalitsa thumba la boma. Kwa zaka zambiri zipatala zinkayendera thumba la mayiko othandiza la Health Pooled Fund ndi mabungwe omwe si aboma. Chakudya chimabwera ndi bungwe la United Nations la WFP. Anthu akupulumuka, zikomo, koma boma lanu silikuphunzira kugula mankhwala, kulemba anamwino ntchito kapena kusunga mabuku a ndalama. Nduna ilipo, ofesi ilipo, mbendera ili pagalimoto. Ntchito akugwira ndi alendo.

Ndiye mu 2024 munaonetsa luso: msonkho pa mafuta a bungwe la United Nations! Ndege zoponya chakudya zinaima, anthu oposa 60,000 n'kugona ndi njala. Simungawadyetse, komanso munkalipiritsa amene ankawadyetsa.

Chisankho chinayenera kuchitika mu 2022. Munachikankhira ku Disembala 2024, kenaka ku Disembala 2026. Mu Malichi 2025 a Machar, mnzanu wogawana naye mphamvu, munawatsekera m'nyumba. Mgwirizano wake ndi utiwo tsopano?

Lipirani aphunzitsi ndi anamwino mwezi ndi mwezi. Lengezani poyera kumene ndalama za mafuta zikupita. Chepetsani mipando. Kapena tiuzeni mosabisa kuti anthu a ku Jonglei munawasiyira WFP, tileke kukuvutitsani ndi makalata.

Ine,
Mwana wa Africa wotopa ndi kudikira