KANEMA WA PA INTANETI: KODI LAMULO LIMGWIRA BWANJI?

Awerengi athu akumbukira kuti m'mwezi wa August caka ca 2023 cisanathe, kampani ya MultiChoice inalengeza kuti ikucotsa DStv m'dziko muno. Mkangano unali wa mitengo. Bungwe la MACRA linati palibe kukweza mtengo popanda cilolezo cace, pamene MultiChoice Malawi inati iyo ndi nthumwi cabe, mitengo amaikonza eni ace ali kunja. Mlandu unafika ku Bwalo Lalikuru, ndipo DStv inabwerera m'mwezi wa December caka comweco.

Tsono pa mlanduwo Boma linali naye munthu womuitana, pakuti kampaniyo iri ndi ofesi m'dziko muno. Bvuto lalikuru liri ndi kanema wodzera pa intaneti. Netflix inafika kuno m'caka ca 2016, caka comwe Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la zofalitsa mau, ndipo YouTube inali itafika kale. Amenewa samanga nsanja ya wailesi, sagulitsa mbale ya padenga. Zithunzi zao zimangolowa m'foni. Nanga kalata ya MACRA ipita pa keyala iti?

Taganizirani mphunzitsi wa ku dera la Inkosi Champiti, m'boma la Ntcheu. Iye aonera mpira kapena nkhani pa foni, atagula bandulo ya Airtel kapena TNM. Pa banduloyo Boma lipezapo msonkho, ndipo ici ncoyenera. Koma ndarama yolipira mwezi ndi mwezi kwa eni kanema akunja ituruka m'dziko m'madola, ndipo kwaca itagwa ndi 44 peresenti m'mwezi wa November 2023, mtengo wace unamlemera mphunzitsiyo ngakhale akunjawo sanakweze kanthu. Kumeneko kulibe bwalo lokadandaulako.

Palinso kusalingana. Nyumba za kanema za kuno, kuyambira Television Malawi imene inatsegulidwa mu 1999, zilipira cilolezo, zilemba anchito Amalawi, ndiponso zilangidwa zikaulutsa zosayenera. Wa kunja atenga owonera pamodzi ndi otsatsa malonda popanda goli limeneli.

Ife tiona kuti kutseka intaneti sikungathandize. Ana a sukulu aphunzira zambiri pa njira yomweyo. Cofunika ncakuti makampani akunjawa alembetse m'kaundula wa msonkho, monga acitira ku South Africa kuyambira 2014, ndi kuti thumba la Universal Service Fund lifikitse netiweki ku midzi ngati ya kwa Champiti.