Chingwe kuchipinda: safunsa anadya phula

Dzina la dera lathu lino la Chinamwali ku Zomba limatikumbutsa kuti makolo athu nkhani za kuchipinda sankazisiya chisawawa. Kunali anankungwi, kunali malangizo. Lero mlangizi wa mabanja ambiri achinyamata ndi foni, ndipo foniyo imangoonetsa zinthu osalongosola kuopsa kwake.

Chimodzi mwa zinthuzo ndi masewera omangana manja kapena miyendo pocheza m'banja, amene Azungu amawatcha bondage. Anatchuka kwambiri ndi buku la E. L. James lotchedwa Fifty Shades of Grey m'chaka cha 2011, kenaka filimu yake mu 2015, imene ku Kenya anailetsa. Koma abale, kuletsa filimu sikuthetsa chidwi.

Ine sindikuti aliyense ayese. Amene akuona kuti nzosayenera, ndi ufulu wawo kukana. Nkhawa yanga ili pa akuluakulu awiri amene afuna okha, koma alibe wowafunsa chifukwa cha manyazi.

Choyamba ndi kugwirizana. Kambiranani masana, mitu ili bwino, osati kudzidzimutsana pakati pa usiku. Mayi amene wangoti "chabwino bambo" chifukwa cha mantha sanavomere ayi. Sankhani liwu limodzi, kaya "chigumu", loti likangotchulidwa zonse ziime nthawi yomweyo, popanda kunyengerera kapena kukwiya. Womangidwayo ndiye mwini chiwongolero.

Chachiwiri ndi chomangiracho. Chingwe cha nayiloni cha pamsika, malegeni omangira katundu panjinga, waya, zonsezi zimacheka khungu ndi kufinya mitsempha. Yambani ndi nsalu yofewa komanso yotambalala, pamanja pokha, kwa mphindi zochepa. Zala ziwiri zizitha kulowa pakati pa nsalu ndi khungu, ndipo mfundo isakhale yolimba ikamakokedwa. Sizasi ikhale pafupi, chifukwa mfundo imavuta kumasula munthu akachita phuma.

Khosi musalikhudze nkomwe. Palibe njira yabwino yomangira kapena kufinya khosi. Munthu atha kukomoka m'masekondi ochepa, mwinanso kutsikira kulichete. Pakamwa musatsekepo, nanga liwu lija alitchula bwanji? Dzanja likachita dzanzi, likazizira kapena kusintha mtundu, masulani msanga. Dzanzilo likapanda kutha, kapena dzanja likafooka, pitani ku chipatala chachikulu cha Zomba mukanene zoona. Paja manyazi anapha lambe.

Munthu womangidwa sasiyidwa yekha, ngakhale kungoti mukatseke geti. Magetsi akathima ambirife timadalira kandulo. Tangoganizani moto utagwira katani mnzanu ali chimangidwire. Ndipo mowa ndi chingwe nzosayenderana. Amene wachokera ku Chibuku kapena ku kachasu angogona basi.

Kwa abambo amene angatenge nkhaniyi ngati chilolezo, tamverani. Kumanga mkazi amene sakufuna, kapena kupitiriza iye atanena kuti basi, si chikondi, ndi nkhanza. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006, ndipo ku polisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Mawu oti "ndine mutu wa banja" sakakupulumutsani kubwalo la milandu.

Alangizi a mabanja, anankungwi ndi ankhoswe, musadabwe ana anu akabwera ndi mafunso otere. Mukawathamangitsa abwerera ku foni ija, imene siidzawauza zoti asunge sizasi pafupi.